Msewu wa M'mbali mwa Nyanja ya Malawi

Pa Isitala, pa Khirisimasi ndi pa Tsiku la Anakubala mu Okutobala, galimoto zambiri za mu Blantyre zimaloza kumodzi. Zimanyamuka ku Namiwawa, ku Chilomoni, ku Nkolokosa ndi ku Chigumula, zina kukwera msewu wa Masauko Chipembere kudzera pa Chichiri mpaka ku Limbe, n'kugwira msewu wa ku Zomba. M'buti muli mbaula, makala, zakumwa ndi zovala zosambira za ana. Onsewo akupita kunyanja. Akafika ku Mangochi n'kutsika, funso loyamba limene amafunsana ndi lakuti, "Mwayenda maola angati?" ndipo wogometsa anzake ndi amene wathamanga kwambiri. Kwa anthu otere msewu ndi chipsinjo chongoyenera kupirira kuti munthu akafike pa loji, akabindikire kuseri kwa mpanda masiku awiri, n'kubwerera ntchito isanayambe. Chizolowezi chimenechi chikutitayitsa zambiri. Msewu wotsata gombe la Nyanja ya Malawi ndi chuma cha dziko, chofunika kuyendedwa modekha ndi moimaima, ndipo chumacho chidzakhalabe cha Amalawi onse pokhapokha eni akewo akamachiona ndi maso awo n'kukana kuti gombe litsekedwe.

Maiko ena anazindikira kale kuti msewu wa m'mbali mwa madzi ungathe kukopa anthu pawokha. Amalawi ambiri ogwira ntchito ku Cape Town amaudziwa msewu wa Chapman's Peak, pakuti ena amakhala ku Imizamo Yethu ku Hout Bay, kumene msewuwo umayambira, ena ku Masiphumelele, kufupi ndi Noordhoek kumene umathera. Ndi msewu wa makilomita 9 okha, wosemedwa m'mbali mwa phiri pamwamba pa nyanja yamchere ya Atlantic, wokhala ndi makona 114, ndipo unatsegulidwa mu 1922. Ku Australia kuli Great Ocean Road, wa makilomita 243, umene asilikali obwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse analambula pakati pa 1919 ndi 1932 kuti ukhale chikumbutso cha anzawo amene anatsala kunkhondo. Chimene chimatchukitsa misewu imeneyi si kukongola kwa malo kokha, pakuti malo okongola ali ponseponse. Eni ake anaikonza kuti woyenda azitha kuima: pali malo oimikapo galimoto pambali pa msewu, tinjira totsikira kumadzi, ndi zikwangwani zofotokoza mbiri ya malowo. Munthu amanyamuka kwawo n'cholinga chokayenda mumsewuwo, osati kukafika kwinakwake.

Wina anganene kuti kufanizira kumeneku n'kudzitonthoza chabe, popeza Malawi alibe nyanja yamchere. N'zoona kuti munthu wa ku Limbe wofuna kuona mafunde a Indian Ocean ayenera kutenga pasipoti, kutulukira pa Muloza kulowa Milange n'kutsikira ku Quelimane kudzera ku Mocuba, kapena kutulukira ku Mwanza kudzera ku Tete mpaka ku Beira, atalipira inshulansi ndi mapepala a galimoto pachipata. Ulendowo ngwabwino kwa amene angaukwanitse. Koma zimene munthu amakafuna kumeneko, madzi osaoneka mathero, mchenga woyera, mapiri ogwera m'madzi ndi mphepo yautsa mafunde, zilipo pakhomo pompano. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, malo ena ndi yotambalala mpaka makilomita 75, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700. Pamwamba pa madzi ake pali pa msinkhu wa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero kuti pansi pake penipeni mpotsika kuposa gombe la ku Beira. Mu Africa imaposedwa kukula ndi Victoria ndi Tanganyika basi, ndipo pa mitundu ya nsomba palibe nyanja ina ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi imene imaiposa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ngongole ya Blantyre kwa nyanja

Munthu wa mu Blantyre ali ndi chifukwa chapadera choidziwira nyanjayi, chifukwa mzinda wake ukupuma chifukwa cha iyo. Madzi onse otuluka m'nyanja amadzera mumtsinje umodzi wokha, Shire. Madzi ambiri amene amatuluka pa mpopi ku Ndirande kapena ku Sunnyside amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry n'kukwezedwa chitunda chachitali ndi mapampu a Blantyre Water Board. Magetsi amene amayendetsa mapampuwo ndi mafakitale a ku Makata amachokera pa mathithi a mtsinje womwewo, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Ngakhale chiyambi cha mzindawu chinagona pa njira ya kunyanja. Amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Blantyre mu 1876, ndipo kampani ya African Lakes, imene nyumba yake ya Mandala ya 1882 idakaima mpaka lero, inkatsitsa katundu m'sitima kumunsi kwa mathithi, amtengatenga n'kumusenza pamutu kukwera naye ku Blantyre ndi kutsikira ku Matope, kumene sitima zina zinkamutenga kupita naye kunyanja. Mbiri ikutichenjezanso kuti madziwa sitinachite nawo pangano: pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka m'nyanjamo. Zoterozo zitachitika lero, mipopi ya Blantyre ndi mababu ake zingakhale zoyamba kumva kuwawa.

N'chifukwa chake makilomita pafupifupi 190 a pakati pa Blantyre ndi Mangochi si oyenera kuwadutsa ngati wothawa. Msewu wa M3 umachoka m'malo okwera ndi ozizira, kudutsa Njuli, Namadzi ndi Thondwe, kulambalala tsinde la phiri la Zomba, kenaka kupyola Domasi ndi Malosa umayamba kutsetsereka. Pofika pa Liwonde mpweya wasintha, thukuta layamba, ndipo milambe yalowa m'malo mwa bulugamu. Pamenepo pali baraji ya Kamuzu, yomangidwa mu 1965, imene zitseko zake zimawongolera kuchuluka kwa madzi otsikira ku makina a magetsi. Mwana wa sukulu amene waima pa mlathowo n'kuona zitsekozo, mvuu zikufwenthera chapatali, wamvetsa m'kanthawi kochepa chimene aphunzitsi amavutika kufotokoza pa bolodi: kuti kuzima kwa magetsi ku Bangwe kungayambire ku mvula imene sinagwe bwino m'mapiri a kumpoto. Kupitirira Ulongwe, msewu umayenda m'dambo la migwalangwa ndi mizikiti yoyera ya Ayao, nyanja ya Malombe ikuthwanima chakumanja. Anyamata amaima m'mbali mwa msewu atakweza chambo m'mwamba, ndipo wogula amachimangirira pa galasi la kunja kwa galimoto kuti mphepo izichiziziritsa.

Tauni ya Mangochi ambiri amangoiona ngati pothira mafuta, chonsecho pamenepo pali mbiri yochuluka pa malo ochepa. Inayamba mu 1891 ngati linga la asilikali lotchedwa Fort Johnston, lomangidwa kuti litseke njira ya amalonda a akapolo owoloka Shire. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo pambali pake pali mfuti yaikulu yochokera pa sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pa doko kutsidya la Tanzania, nkhondo itangoyamba kumene. Pamalo omwewo pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu Julayi 1946, itakumana ndi namondwe kumpoto kwa nyanja. Nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum ili chapafupi, mtunda woyenda wapansi. Wothamangira ku loji amadutsa zonsezi m'mphindi ziwiri, n'kumadzadandaula kuti ana a masiku ano sadziwa mbiri ya dziko lawo.

Chimene woima amaona

Kuchoka pa Mangochi, msewu wa M10 umalunjika ku Monkey Bay, kwawo kwa sitima ya Ilala, imene yakhala ikuzungulira madoko a nyanjayi kuyambira mu 1951. Pang'ono musanafike, msewu wina umakhotera kumanzere n'kukwera m'mapiri a miyala a Nankumba, kumene anyani amakhala pamsewu osatekeseka, mpaka mudzi wa Chembe ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe zitatulukira mwadzidzidzi kutsogolo. Kuno ku Cape Maclear ndi kumene amishoni a Livingstonia anayamba kumanga mu 1875. Malungo anawagonjetsa, anasiya manda a anzawo m'tsinde mwa phiri n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka ku phiri la Khondowe mu 1894. Lero derali lili mu Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa mu 1980, imene bungwe la UNESCO linaiika mu 1984 pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi chifukwa cha nsomba zake. Pa Otter Point munthu safunika bwato kuti aone mbuna. Akangoviika nkhope m'madzi pakati pa miyala, tinsomba tobiriwira, tachikasu ndi tamizeremizere timamuzungulira, ndipo timitundu tina timapezeka pa chilumba chimodzi chokha, osapezekanso kwina kulikonse pansi pano.

Koma chachikulu chimene woima amaona ndi ntchito. Usiku wopanda mwezi, nyanja imadzaza ndi timagetsi tondandalikana ngati kuti tsidya kuli mzinda: ndi asodzi a kauni, amene amakopa usipa ndi nyali zomangidwa pa bwato, anzawo n'kuuzinga ndi chilimira. M'mamawa mabwato akamakocheza, gombe limasanduka msika. Amayi amapikisana mitengo pa ndowa, ena akuyanika nsomba pa mathandala a bango, ena akufutsa, ena akuwamba utaka pa moto wa utsi, pomwe asodzi otopa akusoka maukonde pamthunzi. Usipa umenewu ndi womwe mawa lake udzapezeke m'milu mumsika wa Limbe ndi wa Ndirande. Amene waona anthu akupalasa usiku wonse pa madzi akuya, mwera ukuwopseza, samanyozanso mtengo wa mbale ya bonya ngati kuti nsombazo zimangotoledwa.

Wofuna kutsata gombe mpaka kumpoto amabwerera pang'ono n'kudutsa ku Golomoti kukagwira M5, msewu umene ndi msana wa ulendo wonsewu. Pa Mua, pamene ansembe a White Fathers anafika mu 1902, pali KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, osunga zigoba za gule wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Kudutsa Chipoka ndi Salima, kumene msewu wa ku Senga Bay umapatukira, mumafika pa mlatho wa Chia, pamene thamanda lalikulu limalumikizana ndi nyanja. Kenaka Nkhotakota. Pano m'zaka za m'ma 1800 panali doko la Jumbe, mkulu wa malonda a akapolo, pamene anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankakwezedwa m'zombo kuwoloka nyanja, n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa, ku gombe la Indian Ocean. Mkuyu umene David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe mu 1863 umasonyezedwabe kwa alendo, ndipo m'tchalitchi cha Anglican chapafupi muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanjayi mu 1895. Makolo athu ambiri amene anaiona nyanja yamchere m'masiku amenewo anaiona ali m'magoli, ndipo ulendo wawo unayambira pa mchenga umene lero ana amaseweretsa.

Kumpoto kwa Nkhotakota msewu umawoloka Bua, mtsinje umene mpasa zimakwera kukaswana, wodutsa m'nkhalango imene mu 2016 ndi 2017 munasamutsidwira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Minda ya nzimbe ya ku Dwangwa ikatha, mapiri amayandikira madzi, mvula imachuluka, chinangwa chimalanda malo a chimanga, ndipo chinenero cha pamsewu chimasanduka Chitonga. Mchenga wa ku Kande ndi ku Chintheche ndi woyera mbee, ndipo tchalitchi chakale cha ku Bandawe chili pomwepo. Mukadutsa m'mitengo ya rabala ya ku Vizara mumatsikira ku Nkhata Bay, kumene pa 3 Malichi 1959 asilikali a boma la atsamunda anawombera anthu amene anasonkhana pa doko kukana kuti atsogoleri awo omangidwa atengedwe pa sitima ya Mpasa, n'kupha anthu osachepera 20. Ndilo tsiku limene timapuma chaka ndi chaka pokumbukira ofera dziko. Kuchoka apo msewu umakwera ku Mzuzu, kukagwira M1, imene imadzatsikanso kunyanja pa Chiweta mokhotakhota m'mbali mwa phompho, nyanja yonse itayalidwa pansi, mapiri a Livingstone a ku Tanzania akuoneka tsidya. Pa malo amenewa Chapman's Peak alibe chotiphunzitsa za kukongola. Pa Chitimba, kufupi ndi pamene Vipya inamira, msewu wa Gorodi umakwera ku Livingstonia ndi makona akuthwa pafupifupi 20, ndipo M1 imapitirira m'mbali mwa madzi kulowera ku Chilumba ndi Karonga.

Gombe lotsekeka

Pali dandaulo limene aliyense woyenda mumsewuwu amalidziwa, ndipo ndi lolemera: pa mtunda wautali nyanjayo sioneka. Mbali ina chifukwa chake ndi chilengedwe, poti omanga msewu anathawa madambo ndi mathamanda n'kuulambula chapatali ndi madzi. Koma mbali ina ndi ntchito ya manja athu. Pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, komanso ku Senga Bay, chimene woyenda amaona ndi zikwangwani za maloji ndi makoteji, timisewu tothera pa geti, ndi mlonda wofunsa ngati mwabukitsa malo. Gombe labwino lagawidwa m'mapuloti, mpanda kugundana ndi mpanda. Banja lochokera ku Chirimba lopanda ndalama ya pakhomo limatha kuyenda makilomita ambiri lili pafupi ndi madzi koma losapeza potsikira. Ovutika kwambiri ndi eni dera, amene doko lawo lochapira, lotungira madzi ndi lokochezera mabwato limapanikizika chaka ndi chaka. Dandauloli silikugwetsa mfundo ya mutu uno, likuilimbitsa. Gombe latsekeka mosavuta chonchi chifukwa anthu amene ali ndi mawu m'tauni amalowa pa geti n'kukhutira, osaona zimene zatsala kunja kwa mpanda.

Eni maloji ali ndi yankho lawo, ndipo n'loyenera kulimva. Amati iwo ndiwo amalemba ntchito achinyamata a m'deralo, amagula nsomba ndi ndiwo zamasamba kwa anthu a m'mudzi, amakhoma misonkho, amabweretsa ndalama zakunja, ndipo mlendo amene walipira amafuna bata ndi chitetezo. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe wanzeru amene angafune kuti maloji atsekedwe. Koma bata la mlendo silifuna kuti gombe lonse likhale la mwini mmodzi. Ku South Africa, kumene magombe ankagawidwa potengera khungu mpaka lamulo la tsankholo litathetsedwa mu 1990, lamulo la 2008 loyang'anira magombe linanena kuti gombe ndi la anthu onse, n'kulamula makhonsolo kupatula njira zofikira kumadzi. Mahotela a ku Cape Town ndi ku Durban sanagwe chifukwa cha zimenezo. Kuno kwathu nyanja inapereka yokha chiweruzo mu 2024, pamene madzi anakwera kwambiri n'kulowa m'zipinda ndi m'mabala a maloji ambiri ku Mangochi ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja, makamaka omangidwa pa mchenga penipeni. Kusiya mpata pakati pa nyumba ndi madzi, ndi kanjira pakati pa mpanda ndi mpanda, kumateteza mwini loji ndi msodzi yemwe.

Chotsutsa china n'chokhudza thumba. Galimoto ndi ya ochepa, mafuta ndi okwera mtengo, nthawi zina amasowa mpaka anthu kugona pa mizere, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mabanja ambiri anayamba kuwerengera ngakhale ulendo wa ku Lunzu. Kulankhula za ulendo wokaona malo m'nyengo yotere kungamveke ngati mwano. Komabe amene amapita kunyanja si mabwana okha. Makwaya, amayi a Mvano, magulu a banki m'khonde, ana a sukulu ndi ogwira ntchito pa kampani imodzi amasonkherana miyezi ingapo n'kuchita hayala basi kapena minibasi, ndipo ndi iwowa amene amakhumudwa kwambiri akafika n'kupeza kuti popanda kulipira pa geti palibe poti n'kutsukira mapazi. Komanso kuyenda modekha sikuwonjezera mtengo. Mafuta ofikira ku Mangochi ndi omwewo, kaya munthu waima pa Liwonde kaya sanaime, ndipo galimoto yoyenda mwa pakatikati imamwa pang'ono kusiyana ndi yothamanga. Chimene chimasintha ndi kumene ndalama imagwera. Wothamanga amagula zonse mu shopu yaikulu ku Chichiri n'kukazidyera kuseri kwa mpanda, pomwe woimaima amasiya kenakake kwa mayi wa tomato pa Thondwe, kwa woluka zipewa ndi mikeka, kwa wosema ziboliboli ndi kwa mnyamata wa bwato.

Kudekha kumapulumutsanso moyo. Msewu wa kunyanja si wa galimoto zokha: ndi wa akabaza, wa ngolo, wa mbuzi, wa ana obwera ku sukulu ndi wa misika imene imasefukira pa tala. Mbali zina za M5 n'zopapatiza ndi zokumbika m'mphepete, milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje yotsika m'mapiri imatha kukokolola mlatho n'kudula msewu. Usiku njinga zambiri zilibe nyali, choncho ndi bwino kufika dzuwa lisanalowe. Miyezi ya Meyi mpaka Okutobala ndiyo yabwino kuyenda, ngakhale kuti mu Juni ndi Julayi mwera umautsa mafunde oti bwato laling'ono siliyenera kuwaderera. Posamba, mawu a eni dera ndiwo lamulo: iwo amadziwa pamene pali ng'ona ndi mvuu, makamaka pa mathiriro a mitsinje ndi m'mabango, ndipo m'madzi odekha a pafupi ndi midzi muli nkhono zofalitsa likodzo, matenda amene amachizika munthu akapita kuchipatala. Ulemu nawo ndi mbali ya ulendo. Gombe la m'mudzi ndi pakhomo pa anthu, posambira ndi pochapira pawo. Mlendo amayamba ndi "Odi," n'kufunsa kuti, "Zikomo bambo, tingaimike galimoto apa?" ndipo sajambula amayi ali pa ntchito zawo asanapemphe.

Phindu lalikulu la ulendo wotere limaoneka munthu atabwerera kwawo, chifukwa chimene waona amayamba kuchilankhulira. Wa mu Blantyre amene amangodandaula kuti chambo chakwera mtengo akaima pa doko amaona chifukwa chake: maukonde a maso ang'onoang'ono, ngakhale masikito amene anaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo, akukokolola tiana ta nsomba m'malo oswanirana. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, kotero kugwira chimodzi pa nyengo yoswana n'kupha mazana. Ku Malombe chambo chinatha pafupifupi chonse kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990, ndipo nyengo yotseka usodzi imene boma limalengeza chakumapeto kwa chaka imagwira ntchito pokhapokha ogula a m'tauni akaleka kufuna nsomba yoletsedwa. Woyenda yemweyo angamvenso nkhani yolimbikitsa ya chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nthawi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera chifukwa amaona okha kuti nsomba zimachuluka. Amaonanso mitsinje yofiira ndi dothi lochokera m'mapiri ometedwa, n'kukumbukira kuti thumba la makala limene anagula m'njira linali mtengo umene unkagwira dothilo.

Zofunika kuchita sizodula poyerekeza ndi mtengo womangira msewu. Bungwe la Roads Authority likamakonza M5 ndi M1 lingathe kusiya malo oimikapo galimoto pamene nyanja ikuoneka bwino, monga pa Chia, ku Chintheche ndi pa chitsikiro cha Chiweta. Makhonsolo a Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga, pamodzi ndi mafumu, angathe kupatula magombe a anthu onse okhala ndi zimbudzi, mthunzi ndi motaya zinyalala, n'kuonetsetsa kuti aliyense wopatsidwa puloti ya m'mbali mwa madzi wasiya njira yotsikira kudoko. Nthambi yoona za zakale ingathe kuika zikwangwani za m'Chichewa, Chiyao, Chitonga ndi Chitumbuka pa malo a mbiri, kuti wowerenga asakhale mlendo wochokera kunja yekha. Koma maofesi amenewa amasuntha anthu akafunsa, ndipo amafunsa ndi amene anaima, anayang'ana, n'kupeza geti pamene panayenera kukhala njira. Choncho udindo woyamba uli m'manja mwa woyendetsa amene akunyamuka ku Limbe m'mawa: awerengere tsiku lathunthu la panjira, atsitse ana pa baraji ya Liwonde ndi pa nsanja ya Mangochi, agule kwa anthu a m'mbali mwa msewu, ndipo akapeza gombe lotsekedwa akafunse kwa khansala ndi kwa phungu wake kuti anatseka ndani, ndi chilolezo cha yani.